Kusintha Injini ya Galimoto Pakhomo

Mukamayenda m'makwalala a ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, simulephera kuona galimoto itakhala pamiyala kuseri kwa nyumba, matayala atachotsedwa, nkhuku zikuusa pansi pake. Mukafunsa eni ake, yankho limakhala limodzi: injini inatha. Ina inayamba ndi kumwa oyilo, utsi wabuluu uli tolotolo kumbuyo. Ina inawira pokwera Chiweta, dalaivala n'kumangopondabe mpaka inagwira. Ina inayenda yopanda oyilo, mkati n'kuyamba kumveka kugogoda kuja amakaniko amati injini yanoka.

Zikafika apa pamakhala njira ziwiri. Yoyamba ndi kuphwasula injiniyo, kukakonzetsa masilinda ndi crankshaft ku makina, n'kugula maringi, mabering'i ndi magasiketi atsopano. Yachiwiri ndi kuichotsa yonse n'kuikamo ina imene inagwirapo kale ntchito kwina. Ambiri amasankha yachiwiriyi, ndipo ena amaichitira pakhomo pomwe, mwini galimoto ndi makaniko mmodzi, anyamata awiri othandiza kukoka tcheni.

Ntchitoyi ndi yotheka. Koma amene sanaichitepo amaganiza kuti chovuta ndi kunyamula chitsulo cholemeracho. Kunyamulako kumatha tsiku limodzi. Chimene chimagoneka galimoto miyezi ndi tinthu ting'onoting'ono: waya mmodzi woiwalika, kapaipi kolowetsedwa polakwika, pulagi ya magetsi yokana kulowa. Kuti nkhani iyende bwino titsatira galimoto imodzi yodziwika kuno, Toyota Corolla ya mtundu wa AE100, imene inkapangidwa ku Japan kuyambira 1991 mpaka 1995 ndipo yambiri inabwera ndi injini yotchedwa 5A-FE. Zambiri zimene tinene zimagwiranso ntchito pa magalimoto ena.

Injinizi zimachokera kuti?

Ku Japan kuli lamulo loyeza magalimoto lotchedwa shaken. Galimoto ya munthu wamba imayezedwa ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyezako kumadya ndalama. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anthu kumeneko amasiyira galimoto injini yake ikadali ndi mphamvu. Ena mwa magalimotowa amabwera kuno athunthu. Ena amaphwasulidwa, ziwalo zake n'kulongedwa m'makontena odzera ku madoko monga Dar es Salaam ndi Durban.

Injini imagulitsidwa m'njira zingapo, ndipo wogula ayenera kudziwa chimene akulipira. Pali injini yopanda kanthu, buloko ndi hedi basi. Pali yokhala ndi zovala zake, monga manifold, distributor, alitaneta ndi mainjekita. Ndiye pali half-cut, kutanthauza theka lakutsogolo la galimoto lodulidwa ndi makina, mmene muli injini, giyabokosi, mawaya onse ndi kompyuta yake. Half-cut ndi yodula, koma ngati mukuika injini yosiyana ndi yakale, imakupulumutsani ku ulendo wosatha wosakasaka tizipangizo m'misika.

Musanapereke ndalama, ikani sipanala pa bawuti ya pulley yapansi n'kuzunguza injini ndi manja maulendo awiri athunthu. Izungulire, ikulimba pang'ono kenako n'kumasuka, osagwira penapake. Tsekulani chitsekerero cha oyilo muyang'ane mkati ndi tochi: phala lakuda likusonyeza kuti oyilo sankasinthidwa, ndipo zoyererako ngati thovu zikusonyeza kuti madzi ankalowa. Masulani mapulagi onse anayi muwayale motsatana. Imodzi ikakhala yonyowa oyilo kapena yadzimbiri pamene zinzake zili zouma, silinda imeneyo ili ndi nkhani. Ndipo gwirizanani ndi wogulitsa, polemba, masiku amene mungabweze injini ikapezeka yoipa.

Dzina limodzi, injini zosiyana

Funso loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti, "Achimwene, injiniyi inachoka m'galimoto yanji, ya chaka chanji?" Nthawi zambiri mumva kuti, "Ndi 5A basi bwana, zonse n'zofanana." Sizofanana.

Injini za Toyota za banja la A zilipo zingapo. 5A-FE ndi ya 1498 cc, 4A-FE ndi ya 1587 cc, ndipo 7A-FE ndi ya 1762 cc. Nambala za cc zimanena kukula kwa malo amene mapisitoni onse anayi amakokeramo mpweya ndi petulo. Injini zitatuzi zimamangika pa giyabokosi ya banja lomwelo, n'chifukwa chake anthu amazisinthanitsa. Koma injini ya dzina limodzi inkaikidwa mu Corolla, Sprinter, Carina ndi ena, kwa zaka zambiri, ndipo m'zaka zimenezo fakitale inkasintha masensa, mapulagi a mawaya ndi mpangidwe wa manifold. Ena mwa ma 4A-FE ndi 7A-FE ochokera mu Carina ndi a mtundu wa lean burn, wopangidwa kuti uziyenda ndi petulo wochepa kwambiri poyerekeza ndi mpweya. Amenewa ali ndi manifold yawoyawo ndi kompyuta yawoyawo. Mukaigula osadziwa, mudzapeza mapulagi otsala opanda kolowa.

Injini yobwera ili ngati mkamwini: yalowa pamudzi wa eni, ndipo iyenera kutsata za pamudzipo. Galimoto ili kale ndi mawaya ake, kompyuta yake, mapaipi ake. Choncho njira yosavuta ndi yakuti mutenge buloko ndi hedi ya injini yobwerayo, n'kuiveka zinthu za injini yakale: manifold, distributor, masensa ndi zomangira zake. Apa ndi pamene pagona lamulo lalikulu la ntchito yonseyi. Injini yakale isagulitsidwe kwa ogula zitsulo mpaka galimoto itayenda bwinobwino kwa milungu ingapo. Mudzabwerera kwa iyo kangapo kukatenga kachitsulo kamene simunaganizeko.

Nanga kukweza kukula? Kuchoka pa 5A kupita pa 4A ndi kusiyana kwa 89 cc chabe, ndipo kompyuta ya 5A nthawi zambiri imakwanitsa kuiyendetsa. Kupita pa 7A ndi nkhani ina. Kusiyana kwake ndi 264 cc, choncho ndi bwino kubwera ndi kompyuta ndi mainjekita ake. Buloko ya 7A ndi yayitali kupita m'mwamba chifukwa pisitoni yake imayenda mamilimita 85.5 pamene ya 4A ndi 5A imayenda 77. Zotsatira zake, lamba wa taimingi ndi wina, ndipo paipi ya ekizozi siifika pamene inkafika kale. Kwa munthu amene akuchita ntchitoyi koyamba, langizo langa ndi loti abwezeremo injini ya mtundu womwewo. Mphamvu yowonjezerayo siilingana ndi mutu umene imapweteketsa.

Pa magalimoto a m'zaka za m'ma 2000, monga a injini ya 1NZ-FE, pali msampha winanso. Ena ali ndi immobiliser, chida choletsa akuba chimene chimachititsa kuti kompyuta izindikire kiyi wake yekha. Mukasintha kompyuta popanda kiyi wogwirizana nayo, injini imazungulira koma osalira. Apanso, kusunga kompyuta yakale ndiko kwanzeru.

Musanamasule chilichonse

Tengani foni mujambule. Jambulani mbali zonse za injini, pulagi iliyonse isanazulidwe, kapaipi kalikonse kumene kachokera ndi kumene kakupita. Mangani kaselotepi koyera pa waya aliyense n'kulembapo nambala, nambala yomweyo ilembedwenso pamene wayayo wachoka. Mabawuti asaponyedwe m'beseni limodzi. Dulani katoni, jambulanipo chithunzi cha kukamwa kwa giyabokosi, boolani mabowo, ndipo bawuti iliyonse ilowe pa bowo lolingana ndi malo ake. Mabawuti amenewa amasiyana utali. Yaitali ikalowa pa bowo lalifupi imalimba isanagwire, ndipo mukaikakamiza imang'amba aluminiyamu.

Za chitetezo ndinene mosabisa, chifukwa anthu amavulala pa ntchitoyi. Yambani n'kuchotsa waya wa negative pa batire. Jeke ndi wokwezera galimoto, si woikhalitsa m'mwamba. Njerwa ndi mabuloko a simenti amaphwanyika mwadzidzidzi osachenjeza, choncho pansi pa galimoto pakhale zitsulo zopangidwira ntchitoyo kapena zipika zolimba, pa nthaka yosalala, matayala akumbuyo atatchingidwa. Injiniyi imalemera makilogalamu oposa 100. Kukoleka tcheni buloko pa nthambi ya mango ndi chizolowezi chofala, koma nthambi imatha kuoneka yonenepa mkati ili yofumbwa. Mapaipi atatu achitsulo omangidwa pamwamba ndi abwino kuposa mtengo uliwonse wa pabwalo. Injini ikakhala m'malere, pasapezeke dzanja kapena mutu wa munthu pansi pake, ndipo ana akhale kutali.

Paipi ya petulo imakhala ndi mphamvu ngakhale injini itazima, ndiye imasulidwe pang'onopang'ono itakulungidwa ndi sanza, kutali ndi mbaula ndi fodya. Pampu ya chiwongolero ndi kompuresa ya AC musazichotse mapaipi. Zimasuleni pa injini n'kuzimangirira pambali ndi waya. Oyilo wakale ndi madzi a mu radiyeta zitungidwe m'zigubu zotseka. Mankhwala a m'madzi amenewa amatsekemera koma ndi poizoni kwa ana, agalu ndi nkhuku, ndipo oyilo wotayidwa pansi amatha kufika pachitsime.

Injini ikadali pansi

Ikani injini ziwirizo moyandikana pa matayala akale, muzifanizitse mbali ndi mbali. Onani mabowo a mounting, malo a sensa iliyonse, kumene mapaipi a madzi akutulukira, mpangidwe wa sampu. Chilichonse chosiyana chisinthidwe tsopano.

Ino ndi nthawinso yogula zinthu zotchipa zimene zimavuta kufikira injini ikalowa. Lamba wa taimingi amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo wa injini yobwerayi simukudziwa zaka zake. Sinthani. Sinthaninso pampu ya madzi, thermostat, ndi masilo a oyilo a kutsogolo ndi kumbuyo kwa crankshaft. Silo yakumbuyoyi ndi kamphira kotsika mtengo, koma ikayamba kudontha injini ili m'galimoto, muyenera kutsitsa giyabokosi yonse kuti muifikire, ndipo oyilo wake amawononga kilatchi. Yang'ananinso tizitsekerero tachitsulo tozungulira tokhomedwa m'mbali mwa buloko. Kamene kachita dzimbiri kachoke.

Poika lamba watsopano, zizindikiro za pa crankshaft ndi pa camshaft zilunjike pamalo ake. Mukamaliza zunguzani injini ndi sipanala maulendo awiri n'kuonanso zizindikirozo. Dzino limodzi lokha likaphonya, injini imalira koma imakhala yofooka, ndipo mudzataya masiku mukuifunafuna nthenda kwina.

Kukumanitsa injini ndi giyabokosi

Injini zambiri zochokera ku Japan zinali pa galimoto za automatic. Kumbuyo kwake zimakhala ndi chimbale chopyapyala chotchedwa flexplate. Galimoto ya manual imafuna flywheel, chitsulo chochindikala chimene kilatchi imagwirapo. Ngati galimoto yanu ndi ya manual, chotsani chimbalecho ndi tizitsulo take n'kuikapo flywheel ya injini yakale pamodzi ndi mabawuti ake, chifukwa a flexplate ndi aafupi. Mabawutiwa ndi asanu ndi limodzi, ndipo amangidwe modumphadumpha ndi torque wrench, sipanala yoyeza kulimba, kufika pa muyezo wolembedwa m'buku la injiniyo. Apa si pomangira mongoyerekeza. Ngati mulibe sipanalayi, bwerekani.

Mbale ya kilatchi ili ndi mbali yoyang'ana ku flywheel, ndipo ikatembenuzidwa magiya salowa. Iyeneranso kukhala pakatikati penipeni musanalimbitse chivundikiro chake, apo ayi shafuti ya giyabokosi siipeza bowo.

Pa automatic, ngozi ili pa torque converter, chibuluzi chodzaza oyilo chimene chimalumikiza injini ndi giyabokosi. Chimenechi chitsale ku giyabokosi, osati kubwera ndi injini. Musanalowetse injini, chikankheni mkati mukuchizunguza mpaka mutamva chikutsika masitepe ake n'kukakhala mkati ndithu. Chikatsalira kunja pang'ono n'kumanga mabawuti, chimaphwanya pampu ya oyilo ya giyabokosi, ndipo galimoto imalira bwinobwino koma osasuntha.

Pakati pa injini ndi giyabokosi pali timisomali tiwiri tachitsulo tolunjikitsa. Onani kuti tilipo, ndiponso kuti pa bowo limodzi sipanakumane tiwiri, kena kotsalira ku giyabokosi kena kobwera ndi injini. Tsitsani injini pang'onopang'ono, mmodzi ali pa tcheni, wina akuiwongola. Mpata wa pakati ukhale wofanana pamwamba ndi pansi. Ikakana kulowa, zunguzani crankshaft pang'ono kuti mano akumane. Zonse zikalunjika, ziwirizi zimakumana zokha ndi kaphokoso kakuti khu. Zikatsala ndi mpata wolowa chala, pali chimene chatchinga, ndipo kukoka ndi mabawuti ndi kuswa zinthu. Bwererani m'mbuyo muone.

Corolla imeneyi ili ndi ma mounting anayi: kumanja, kumanzere, kutsogolo ndi kumbuyo. Lowetsani mabawuti onse momasuka kaye, tsitsani injini ikhazikike ndi kulemera kwake, kenako limbitsani. Mukalimbitsa imodzi injini ikadalendewera, mphira zimakhala zopotoka ndipo galimoto yonse imanjenjemera.

Mawaya ndi timapaipi

Magetsi a galimoto amachoka ku batire kudzera m'mawaya, n'kubwerera kudzera m'chitsulo cha injini ndi cha bodi. Njira yobwererayi ndi imene amati earth. Popeza injini imakhala pa mphira, pamafunika mawaya oilumikiza ku bodi ndi ku batire. Pa Toyota za nthawi imeneyi palinso timawaya tabulauni tomangidwa ndi bawuti pa manifold yolowetsa mpweya. Timeneti ndi earth ya kompyuta. Tili kuseri, kosaoneka bwino, ndipo ndi timene timaiwalika kawirikawiri. Palani malo ake awale musanamange.

Zoyeza kutentha kwa madzi zilipo zitatu, ndipo zimasokoneza anthu. Ya mawaya awiri imauza kompyuta. Ya waya mmodzi imayendetsa muvi wa pa dashibodi. Yachitatu imayatsa fani ya radiyeta. Pa magalimoto amenewa, pulagi ya yachitatuyi ikazuka fani imangozungulira osaleka kiyi akatsekulidwa. Anapanga dala chomwecho kuti injini isapse. Mukaona fani ikuzungulira injini ili yozizira, yambani mwayang'ana pulagi imeneyo.

Timapaipi tamphira ting'onoting'ono ta vacuum timanyamula mphamvu yokoka ya injini. Kofunika kwambiri ndi kamene kamachoka pa manifold kupita ku kabokosi kakuda komangidwa pa khoma la kumbuyo kwa injini. Kabokosika ndi sensa imene imauza kompyuta kuchuluka kwa mpweya umene injini ikukoka, kuti iyeze petulo wolingana nawo. Magalimoto ambiri ali ndi chithunzi cha timapaipiti chomatidwa kunsi kwa boneti. Kapaipi kouma kapena kong'aluka kasabwezeredwe.

Kuliza koyamba

Thirani oyilo ndi fyuluta yatsopano, thirani madzi osakaniza ndi mankhwala ake, ndipo musaiwale oyilo wa giyabokosi amene anatayika pozula mashafuti a matayala. Injini yakhala miyezi m'kontena, mabering'i ake ndi ouma. Choncho musailize nthawi yomweyo. Chotsani mapulagi anayi a m'masilinda, zulani fyuzi yolembedwa EFI ndi pulagi ya magetsi ya distributor, ndipo zunguzani ndi sitata masekondi khumi khumi, mukupumira, mpaka nyali ya oyilo itazima. Mukatero bwezerani zonse.

Ganiziraninso za petulo wa m'thanki. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Ngati galimoto yakhala chaka pabwalo, khuthulani wakaleyo muthire watsopano.

Ikalira, maso akhale pa nyali ya oyilo. Ikapanda kuzima m'masekondi ochepa, zimitsani msanga. Wina ayang'ane pansi ndi pa mapaipi a petulo ngati pakudontha. Kautsi kofuka pa ekizozi mphindi zoyamba kasakuopseni. Ndi oyilo wa m'manja amene akupsa.

Ikakana kulira

Apa ndi pamene anthu amataya ndalama. Wina akuti ndi pampu, mwagula pampu. Wina akuti ndi kompyuta, mwagula kompyuta. Injini ya petulo imafuna zinthu zinayi zokha: petulo, moto wa pa mapulagi, mphamvu yopanikiza mpweya m'silinda, ndi kuti zonsezi zichitike pa nthawi yake. Yesani chimodzi chimodzi, ndipo musasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi, chifukwa simudzadziwa chimene chathandiza kapena chawononga. Kumbukiraninso kuti mawaya ndi kompyuta za galimotoyi zinkagwira ntchito musanazigwire. Vuto likhala pamene manja anu anadutsa.

Ngati sitata ikungoti tcha osazungulira, onani mitu ya batire ndi waya wamkulu wa earth. Pa automatic onani ngati giya ili pa P kapena N ndiponso ngati pulagi ya switchi yake yalowa.

Ngati ikuzungulira koma osalira, tsekulani kiyi osaliza n'kuyang'ana nyali ya check engine. Ikayaka, kompyuta ili ndi moyo. Ikapanda kuyaka, kompyuta sikulandira magetsi: onani fyuzi ya EFI ija, mwina simunaibwezere, relay yake, ndi timawaya tabulauni tija.

Pafupi ndi injini pali kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS, ndipo kunsi kwa chivundikiro chake kuli mapu a timabowo take. Pindani kawaya kakafupi mulumikize bowo la +B ndi la FP, kiyi ali wotsekula. Pampu ya petulo iyenera kumveka ikulira kumbuyo ndipo petulo amveke akuyenda m'mapaipi. Mukatero chotsani kawayako mulumikize TE1 ndi E1. Nyali ya check engine iyamba kuphethira. Ikamaphethira mofanana osapumira, kompyuta sinaone vuto. Ikaphethira kawiri, n'kupuma, n'kuphethiranso kawiri, imeneyo ndi nambala 22, sensa ya kutentha kwa madzi. Nambala 12 ikutanthauza kuti kompyuta sikumva kuti injini ikuzungulira, ndipo pamenepo muyang'ane distributor ndi mapulagi a mawaya ake. Nambala 31 ndi kabokosi koyeza mpweya kaja, 41 ndi sensa ya pa throttle. Nambala 14 ndi yochititsa chidwi: kompyuta ikalamula moto imadikira uthenga wotsimikiza kuti moto watulukadi, ndipo ukapanda kubwera imadula petulo. Injini yotere imagwira kamphindi n'kuzima. Mukakonza vuto, zulani fyuzi ya EFI kwa kanthawi kuti nambala zakale zifufutike. Magalimoto atsopano alibe kabokosi kameneka. Ali ndi pulagi ya mabowo 16 kunsi kwa chiwongolero, yowerengedwa ndi makina.

Moto ukhoza kukhalapo koma n'kumapita kolakwika. Masilinda amawomba motsatana chonchi: 1, 3, 4, 2, ndipo silinda yoyamba ndi ya kumbali ya lamba wa taimingi. Mawaya awiri akasinthana, injini imaphulika ku ekizozi kapena kutsokomola ku manifold. Mainjekita amene akhalitsa osagwira ntchito amathanso kumatirira. Gunditsani nsonga ya screwdriver yaitali pa injekita, chogwirira chake pakhutu, wina akuzunguza injini. Yamoyo imamveka kuti tiki tiki tiki.

Zonsezi zikakhala bwino, yezani mphamvu yopanikiza ndi geji yolowetsa pa bowo la pulagi. Masilinda onse anayi apereke nambala zoyandikana. Imodzi ikatsika kwambiri, kapena zonse zikakhala pansi pamene zizindikiro za taimingi zili pamalo ake, injiniyo ndi yobweza, ndipo pepala lija munalemberana ndi wogulitsa lagwira ntchito.

Yalira, koma siili bwino

Injini imene ikulira mokwera, kapena kukwera ndi kutsika yokha, nthawi zambiri ikuba mpweya penapake: kapaipi kozuka, kapena gasiketi ya manifold imene inabwezeredwa yakale. Chifukwa china ndi mpweya wotsekeredwa m'njira za madzi. Kuti uchoke, imikani galimoto kutsogolo kuli kokwera, tsekulani chitsekerero cha radiyeta injini ili yozizira, ikani hita pa kutentha, lizani, ndipo muziwonjezera madzi thovu likamatuluka mpaka paipi zonse ziwiri za radiyeta zitatentha ndipo fani yazungulira. Radiyeta yotentha isatsekulidwe. Madzi ake amasupula nkhope.

Utsi umanena zambiri. Wakuda ndi petulo wochuluka, ndipo woyamba kumukayikira ndi kapaipi ka kabokosi koyeza mpweya kapena sensa ya madzi. Wabuluu wosatha ndi oyilo amene akupsa mkati. Woyera wochindikala, wosaleka injini itatentha, madzi akucheperachepera, ukuloza ku gasiketi ya hedi.

Pali chizolowezi chimene ndikufuna kuchitsutsa: kuchotsa thermostat ponena kuti kuno n'kotentha. Thermostat ya injinizi imayamba kutseguka pa madigiri pafupifupi 82, ndipo ntchito yake ndi kufikitsa injini msanga pa kutentha koyenera n'kuisunga pomwepo. Ikachotsedwa, injini imayenda yozizira nthawi yaitali, kompyuta imapitiriza kuthira petulo wambiri monga imachitira m'mawa, ndipo petulo wotsalayo amatsuka oyilo m'masilinda. Galimoto ikamawira, wolakwa amakhala radiyeta yotsekeka, fani yosazungulira, chitsekerero chotha kapena mpweya wotsala. Radiyeta imene inatumikira injini yakale mpaka kuipsereza ikatsukidwe kapena kusinthidwa isanalumikizidwe ku yatsopano, chifukwa chimene chinapha yoyamba chikhoza kuphanso yachiwiri.

Ngati galimoto ndi yofooka kapena ikulira ngati timiyala m'chitini pokwera mtunda, taimingi ya moto iyezedwe ndi nyali yake. Injini ikhale yotentha, TE1 ndi E1 zili zolumikizidwa, ndipo distributor ipotozedwe mpaka chizindikiro chifike pa madigiri 10. Kutchera ndi khutu kokha sikukwanira. Nyali ya batire ikamayaka, yezani pa mitu ya batire injini ikulira. Payenera kupezeka mavolti apakati pa 13.5 ndi 14.5. Kugunda kwa pansi poyamba kuyenda kumachokera kawirikawiri ku paipi ya ekizozi yokhudza bodi kapena mounting yosalimba.

Ulendo woyamba ukhale wozungulira pafupi, osati wa ku Mangochi. Kwa sabata yoyamba, m'mawa uliwonse yang'anani oyilo, madzi ndi pansi pamene galimoto inagona, ndipo pakatha masiku angapo bwerezani kulimbitsa mabawuti a mounting, a ekizozi ndi zomangira mapaipi. Oyilo woyambayo musamusunge nthawi yaitali. Amatsuka zinyalala za injini imene inakhalitsa, choncho msintheni msanga pamodzi ndi fyuluta.

Nambala ya injini

Injini iliyonse ili ndi nambala yodindidwa pa buloko, ndipo pa injini za banja la A imapezeka cha kumene buloko imakumana ndi giyabokosi. Ilembeni ndi kuijambula injini ikadali pansi, chifukwa ikalowa m'galimoto imavuta kuwerenga. Nambala imeneyi ilembedwe pa lisiti la wogulitsa, pamodzi ndi dzina la bizinesi yake ndi tsiku. Injini ya nambala yopalidwa kapena yodindidwanso musaigule ngakhale itatchipa motani, chifukwa ikhoza kukhala yochokera m'galimoto yobedwa.

Blue book ya galimoto yanu ikadali ndi nambala ya injini yakale. Pitani ku ofesi ya Road Traffic ndi galimotoyo, lisiti ndi blue book kuti akuuzeni ndondomeko yosinthira zolembedwazo. Mukapanda kutero, kusiyana kwa nambalaku kudzakuvutitsani pa COF, podutsa pa chipata cha dziko kapena pogulitsa galimoto. Ngati mwaika injini yokulirapo, dziwitsaninso a inshuwalansi.